Tizamoyo ta M'dothi la M'mapaki a M'mizinda ndi Thanzi la Munthu

Tizamoyo ta m'dothi ndi zamoyo zing'onozing'ono kwambiri zimene zimakhala m'nthaka, zosaoneka ndi maso pokhapokha munthu atagwiritsa ntchito maikulosikopu, makina amene amakuza zinthu kambirimbiri. M'gululi muli mabakiteriya, amene thupi lawo lonse ndi selo limodzi. Muli archaea, tofanana ndi mabakiteriya pa maonekedwe koma tosiyana nawo kwambiri pa chibadwa. Muli mafangayi, omwe ndi banja la bowa, chuku ndi yisiti. Muli tinyama ta selo limodzi todya mabakiteriya. Ndiponso muli mavairasi, amene ambiri mwa iwo amagwira mabakiteriya osati anthu. Galamu imodzi ya dothi lachonde imatha kukhala ndi mabakiteriya opitirira biliyoni imodzi a mitundu masauzande, ndipo kuwerengetsera kumene kunafalitsidwa mu 2023 kunasonyeza kuti pafupifupi 59 peresenti ya mitundu yonse ya zamoyo padziko lapansi imakhala m'nthaka.

Akatswiri akamanena za kusiyanasiyana kwa tizamoyoti amayang'ana zinthu ziwiri, ndizo chiwerengero cha mitundu imene ili pamalo ndi kagawanidwe kake, kutanthauza ngati mitundu yambiri ili ndi gawo lake kapena mtundu umodzi wokha ndiwo wadzaza ponseponse. Mapaki a m'mizinda alowa m'nkhaniyi chifukwa chakuti munthu wokhala mumzinda waukulu, amene amatuluka m'nyumba ya simenti n'kuyenda pa phula mpaka kuntchito, sakumana kawirikawiri ndi dothi lamoyo, ndipo paki ndi amodzi mwa malo ochepa amene khungu ndi mapapo ake zimalipeza. Bungwe la United Nations linawerengetsa mu 2018 kuti anthu 55 mwa 100 alionse padziko amakhala m'mizinda, ndipo linayerekeza kuti pofika 2050 adzakhala 68 mwa 100.

Mapaki ndi chiphunzitso cha mpweya woipa

Mapaki oyamba otsegulidwira anthu wamba anakhazikitsidwa pa zifukwa za thanzi, ngakhale kuti omwe anawakhazikitsa sankadziwa kuti mabakiteriya amayambitsa matenda. M'zaka za m'ma 1830 ndi 1840 mizinda ya ku Britain inadzaza ndi anthu ogwira ntchito m'mafakitale, kolera ndi chifuwa chachikulu zinkapha anthu ambiri, ndipo madokotala a nthawiyo ankakhulupirira kuti matenda amachokera mu mpweya wonunkha wotuluka m'zinthu zowola. Potsatira maganizo amenewa, malo a mitengo ndi udzu ankatchedwa mapapo a mzinda. William Farr, amene ankasonkhanitsa ziwerengero za imfa ku England, analemba mu 1839 kuti paki kum'mawa kwa London ingachepetse imfa za anthu osauka a kumeneko, ndipo Victoria Park inatsegulidwa m'deralo mu 1845. Birkenhead Park, pafupi ndi Liverpool, imene anaikonza Joseph Paxton ndi ndalama za boma la tauniyo, inatsegulidwa mu 1847.

Frederick Law Olmsted wa ku United States anaona paki ya Birkenhead mu 1850, ndipo mu 1858 iye ndi Calvert Vaux anapambana mpikisano wojambula mapulani a Central Park mumzinda wa New York. Pakiyi, imene kukula kwake ndi mahekitala 341, inamangidwa pa malo a miyala ndi zithaphwi, moti dothi lambiri lapamwamba linachita kututidwa kuchokera kwina, makamaka ku New Jersey, ndipo mitengo ndi zitsamba zambirimbiri zinabzalidwa ndi manja. Olmsted yemweyo anatsogolera ntchito za bungwe la United States Sanitary Commission, losamalira umoyo wa asilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikolo, ndipo ankaona paki ngati mbali ya ntchito ya zaumoyo. Chiphunzitso cha mpweya woipa chinatha mphamvu Louis Pasteur ndi Robert Koch atasonyeza kuti matenda ambiri amayamba ndi tizilombo, ndipo kuyambira pamenepo dothi linayamba kuonedwa ngati mdani wa ukhondo, maganizo amene anakhazikika kwa zaka pafupifupi 100.

Kudziwika kwa zamoyo za m'nthaka

Munthu woyamba kuona mabakiteriya anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft m'dziko la Netherlands, amene ankadzipangira yekha magalasi okuza zinthu ndipo anafotokoza zimene anaona m'kalata ya mu 1676. Mumzinda womwewo, mu 1888, Martinus Beijerinck anapatula mabakiteriya okhala m'timibulu ta m'mizu ya mbewu za gulu la nyemba, amene amatenga nayitrojeni mu mpweya n'kuisandutsa chakudya cha mbewu. Pa nthawi yomweyo Sergei Winogradsky wa ku Russia anafotokoza mabakiteriya amene amasintha amoniya kukhala nayitireti. Kwa zaka zambiri phunziroli linali la alimi ndi akatswiri a zaulimi basi.

Zinthu zinasintha pamene dothi linayamba kutulutsa mankhwala. Mu 1943 Albert Schatz, wophunzira wa Selman Waksman pa yunivesite ya Rutgers ku New Jersey, anapeza streptomycin kuchokera ku bakiteriya wa m'dothi wotchedwa Streptomyces griseus, ndipo amenewa anakhala mankhwala oyamba amphamvu olimbana ndi chifuwa chachikulu. Waksman analandira mphoto ya Nobel mu 1952. Rifampicin, imene odwala TB amamwa mpaka lero, inachokera ku bakiteriya wa m'dothi lotengedwa m'nkhalango ya paini kummwera kwa France mu 1957. Chitsanzo choyandikana kwambiri ndi nkhani ya mapaki ndi cha Satoshi Ōmura wa ku Kitasato Institute ku Japan, amene m'zaka za m'ma 1970 anatenga dothi pafupi ndi bwalo la gofu ku Kawana, ndipo m'dothilo munapezeka bakiteriya amene anabala ivermectin, mankhwala amene agawidwa kwa zaka zambiri ku Thyolo, Mulanje ndi maboma oyandikana nawo pofuna kuthetsa matenda a khungu ndi maso ofalitsidwa ndi ntchentche zakuda za m'mitsinje. Ōmura ndi William Campbell analandira mphoto ya Nobel mu 2015.

Vuto limene linatsalira linali lakuti mabakiteriya ambiri a m'dothi amakana kumera m'mbale za mu labotale, moti amene ankatha kuwaweta anali pafupifupi mmodzi yekha mwa 100. Njira inatseguka Carl Woese atasonyeza mu 1977 kuti zamoyo zingasiyanitsidwe poyerekeza chidutswa chimodzi cha malangizo a chibadwa chimene bakiteriya aliyense ali nacho. Lero wofufuza amatenga dothi pang'ono, amasungunulamo DNA yonse, ndipo makina amawerenga zidutswa mamiliyoni ambiri zimene kompyuta imaziika m'magulu. Njirayi imasonyeza amene alipo koma siisiyanitsa bwino amoyo ndi akufa, ndipo nthawi zambiri siinena chimene aliyense akuchita.

Zimene zapezeka m'mapaki

Kafukufuku wotchuka kwambiri anachitika mu Central Park yomwe ija. Kelly Ramirez, Noah Fierer ndi anzawo anatenga dothi pa malo 596 m'pakimo ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2014. Anapeza magulu osiyana a tizamoyo oposa 167,000, mwa iwo oposa 120,000 anali a mabakiteriya, ndipo ambiri mwa maguluwa anali asanalembedwepo m'kaundula aliyense wa sayansi. Atayerekeza ndi dothi lochokera m'zipululu, m'nkhalango za mvula ndi m'madera ozizira a dziko lapansi, anaona kuti kusiyanasiyana kwa m'paki imodziyi kunali pafupifupi kofanana ndi kwa malo onsewo pamodzi. Chimene chinkalamula kwambiri mtundu wa mabakiteriya pamalo chinali kuchuluka kwa asidi m'dothi, ndipo popeza dothi la m'pakiyi linachokera kosiyanasiyana, lathiridwa manyowa ndi feteleza mosiyana, ndiponso limapondedwa mosiyana, malo oyandikana ankatha kukhala ndi tizamoyo tosafanana ngakhale pang'ono. Mu 2016 gulu la Sean Brady pa yunivesite ya Rockefeller linayeza dothi la malo 275 m'mapaki a New York ndipo linapezamo majini, ndiko kuti zidutswa za malangizo a chibadwa, ofanana ndi opanga mankhwala odziwika kale, pamodzi ndi ena ambiri amene ntchito yawo sinadziwike.

Chithunzi chosakondweretsa kwenikweni chinatuluka mu 2021, pamene Manuel Delgado-Baquerizo ndi anzake anayerekeza dothi la m'mapaki ndi la m'tchire loyandikana nawo m'mizinda 56 ya m'mayiko 17. Mapaki anali ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya, koma mitunduyo inali yofanana kuchokera mumzinda wina kufika mumzinda wina, chifukwa kulikonse anthu amabzala kapinga, amathirira, amatchetcha ndi kuthira feteleza mwa njira imodzi. M'mapaki munachuluka mabakiteriya okula msanga, ndere, ndi mafangayi odwalitsa zomera, pamene mafangayi okuta mizu ya mitengo n'kumathandizana nayo anali ochepa poyerekeza ndi m'tchire. Munapezekanso majini ambiri okhudzana ndi tizilombo todwalitsa anthu. Choncho kubiriwira kwa paki sikutsimikizira kuti dothi lake lasunga zamoyo za m'deralo, ndipo bwalo la kapinga wosalala, limene oyang'anira mizinda amalinyadira, nthawi zambiri ndilo losauka pa mbali imeneyi.

Kuchokera pa ukhondo kufika pa abwenzi akale

Kale mu 1873 dokotala wa ku Manchester, Charles Blackley, anaona kuti chimfine choyamba ndi mungu wa maluwa ndi udzu chinali chosowa pakati pa alimi, ngakhale kuti iwo ndiwo amapuma mungu wambiri. Mu 1989 David Strachan anasanthula mbiri ya ana 17,414 a ku Britain obadwa mu sabata imodzi ya mwezi wa Malichi 1958, ndipo anapeza kuti mwana wokhala ndi akulu ake ambiri sankadwala chimfinechi ndi chikanga kawirikawiri. Anaganiza kuti matenda opatsirana a paubwana ndiwo amateteza, ndipo maganizowa anatchuka ndi dzina lakuti chiphunzitso cha ukhondo, dzina limene lasocheretsa anthu ena kuganiza kuti kusamba m'manja n'koipa. Graham Rook wa ku University College London anakonza maganizowa mu 2003 ponena kuti chimene thupi likusowa si chikuku kapena chimfine, koma tizamoyo tosavulaza ta m'dothi, m'madzi, pa ziweto ndi m'matumbo, timene munthu wakhala nato kuyambira kalekale, ndipo iye anatitcha abwenzi akale.

Umboni wamphamvu unachokera ku Karelia, dera limene malire a Finland ndi Russia analigawa pakati pa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Nyengo, mitengo ndi chibadwa cha anthu n'zofanana mbali zonse ziwiri, koma mbali ya Finland inalemera n'kusintha kakhalidwe, pamene mbali ya Russia inapitiriza ulimi wapakhomo, ziweto ndi madzi a pachitsime. Tari Haahtela ndi anzake atayeza ana asukulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anapeza kuti ziwengo, mphumu ndi chimfine cha mungu zinali zochuluka kuwirikiza kangapo ku mbali ya Finland. Mu 2012 Ilkka Hanski, katswiri wa zachilengedwe, pamodzi ndi Haahtela anafalitsa zotsatira za achinyamata 118 a kum'mawa kwa Finland, zosonyeza kuti amene nyumba zawo zinazunguliridwa ndi nkhalango, minda ndi maluwa a m'tchire a mitundu yambiri anali ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya ena pakhungu, makamaka a gulu lotchedwa Gammaproteobacteria, ndipo anali ndi ziwengo zochepa. Zofanana nazo zinaoneka ku United States mu 2016 poyerekeza ana a magulu awiri achipembedzo a alimi: mphumu inali pa ana pafupifupi 5 mwa 100 pakati pa a Amish, amene amalima ndi akavalo ndipo makola ali pafupi ndi nyumba, ndi pa ana pafupifupi 21 mwa 100 pakati pa a Hutterite, amene amalima ndi makina m'mafamu aakulu.

Kufufuza konseku kunangosonyeza zinthu zoyendera limodzi, ndipo n'chifukwa chake kuyesa kumene kunachitika m'sukulu za mkaka ku Finland kuli kofunika. Marja Roslund, Aki Sinkkonen ndi anzawo anatsatira ana 75 a zaka 3 mpaka 5 m'sukulu za mkaka 10, ndipo m'zinayi mwa izo mabwalo a miyala ndi mchenga anayalidwa dothi lapamwamba la m'nkhalango pamodzi ndi zitsamba ndi ndere zake, kapinga, ndi mabokosi obzalamo mbewu zimene anawo ankasamalira okha. Patatha masiku 28, ana a m'mabwalo osinthidwawo anali ndi mitundu yambiri ya Gammaproteobacteria pakhungu, mabakiteriya a m'matumbo mwawo anasintha, ndipo m'magazi mwawo munachuluka maselo oletsa chitetezo cha m'thupi kuchita mopitirira muyeso. Zotsatirazi zinafalitsidwa mu 2020. Anawo anali ochepa, nthawi inali yaifupi, ndipo chimene chinayezedwa ndi zizindikiro za m'magazi osati kuchuluka kwa odwala mphumu, mfundo imene nkhani za m'manyuzi zinaidumpha kawirikawiri.

Mmene zimachitikira m'thupi

Tizamoyo ta m'dothi timafika pa munthu kudzera pakhungu, m'fumbi limene amapuma, ndi pakamwa, makamaka pa ana aang'ono. Ofufuza a ku Adelaide ku Australia asonyeza kuti munthu akakhala kanthawi m'paki, mabakiteriya a pakhungu ndi m'mphuno mwake amasintha n'kuyandikira a pamalopo, ndiponso kuti mpweya wapafupi ndi nthaka, pa msinkhu wa mwana wokwawa kapena munthu wokhala pansi, uli ndi mitundu yambiri kuposa wa pa msinkhu wa munthu woimirira. Tambiri mwa tizamoyoti sitikhazikika m'thupi, timangodutsa. Malinga ndi kufotokoza kofala, kudutsako kumaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kusiyanitsa choopsa ndi chosaopsa, monga galu wolondera amene akapanda kuzolowera anthu a pamudzi amauwa ndi kuluma aliyense, ngakhale mwana wa pakhomo. Chitetezo chosaphunzitsidwa chimalimbana ndi mungu, fumbi la m'nyumba kapena chakudya, ndipo nthawi zina ndi ziwalo za thupi lenilenilo. Maselo oletsa aja, pamodzi ndi puloteni yotchedwa interleukin-10 imene imaziziritsa kutupa, ndizo zimatchulidwa kwambiri pofotokoza zimenezi.

Nkhani ya Kyoga ndi Karonga

Bakiteriya mmodzi wa m'dothi watchuka kuposa anzake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 John Stanford wa ku London, pofuna kudziwa chifukwa chake katemera wa BCG ankateteza bwino ku khate m'dera lina la Uganda, anatenga dothi m'mphepete mwa nyanja ya Kyoga n'kupezamo Mycobacterium vaccae, wachibale wosavulaza wa tizilombo ta TB ndi khate. Atabayidwa kwa odwala khansa ya m'mapapo ku London, bakiteriya wophedwayu sanatalikitse moyo wawo koma odwalawo ananena kuti akupezako bwino mumtima, ndipo mu 2007 Christopher Lowry ku Bristol anasonyeza kuti mu mbewa amadzutsa maselo a mu ubongo opanga serotonin, mankhwala achilengedwe okhudzana ndi mmene munthu akumvera. Kuchokera apa kunafalikira mawu akuti kugwira dothi kumachiza kukhumudwa, mawu amene apita patali kuposa umboni wake, popeza mbewazo zinachita kupatsidwa bakiteriyayo mwadala ndipo sizinamutole m'munda.

Malawi ali ndi gawo lake pa nkhani ya mabakiteriya a banja limeneli. Kafukufuku wa ku Chilumba m'boma la Karonga, amene anayamba mu 1979 ngati ntchito yolimbana ndi khate, anapereka katemera kwa anthu oposa 120,000 pakati pa 1986 ndi 1989, ndipo zotsatira za mu 1996 zinasonyeza kuti BCG inateteza ku khate koma sinateteze ku TB ya m'mapapo ya akuluakulu, pamene ku Britain katemera yemweyo anateteza pafupifupi anthu 80 mwa 100. Kuyerekeza achinyamata a mayiko awiriwa kunasonyeza kuti a ku Karonga matupi awo anali atadziwana kale ndi mabakiteriya a banjali a m'dothi ndi m'madzi asanalandire katemera. Apa zikuoneka kuti dothi limasinthadi chitetezo cha m'thupi, ndiponso kuti kusinthako sikukhala kopindulitsa pa chilichonse.

Zoopsa za m'dothi lomwelo

Dothi la m'paki limasunganso zodwalitsa. Njere za bakiteriya wa kafumbata zimakhala m'nthaka zaka zambiri ndipo zimalowa pa bala, n'chifukwa chake katemera amene ana amalandira kusikelo ndi amene amayi oyembekezera amabayitsa ali wofunika kwa aliyense wogwira dothi. Mazira a nyongolotsi za agalu ndi amphaka zotchedwa Toxocara amakhwima m'dothi patatha milungu ingapo chimbudzi chitagwa, ndipo mwana akawameza amatha kuvulala chiwindi kapena diso. Kumene anthu amadzithandiza patchire chifukwa chosowa zimbudzi, njoka za m'mimba zimafalikira, ndipo zina zimaboola khungu la phazi losavala nsapato n'kumayamwa magazi m'matumbo. Kumpoto kwa Australia ndi kumpoto chakum'mawa kwa Thailand kuli matenda a melioidosis ochokera m'dothi lonyowa, ndipo kummwera chakumadzulo kwa United States fumbi limanyamula fangayi wodwalitsa mapapo. Palinso chiphe chimene si chamoyo: mtovu wochokera ku petulo wakale wa magalimoto, amene kugulitsidwa kwake kunatheratu padziko mu 2021, udakali m'dothi la m'mphepete mwa misewu yakale, ndipo ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, dothi la m'mabwalo osewerera ndilo gwero lalikulu la mtovu m'magazi a ana.

Dothi, bowa ndi mitengo ya kuno

Alimi a ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete amasiyanitsa dothi mwatsatanetsatane. Pali katondo, dothi lofiira la kumtunda limene limalimba likauma. Pali makande, lakuda ndi lomata, limene limang'ambika m'chilimwe n'kukakamira khasu m'dzinja. Pali la mchenga losasunga madzi. Pali la kudambo la madimba. Pali la pamtapo loumbira mbiya. Ndipo pali la pachulu, limene alimi ena amalimwaza m'munda ngati manyowa, ena amaumbira njerwa, ndipo amayi ena oyembekezera amalilakalaka mpaka kuligula pamsika litawotchedwa. Lililonse mwa madothi amenewa lili ndi asidi wake, chinyezi chake ndi mpweya wake, choncho lili ndi tizamoyo take. Fungo la mvula yoyamba ya chizimalupsa ikagwa pa nthaka youma limachokera kwakukulu ku geosmin, mankhwala opangidwa ndi mabakiteriya a Streptomyces, banja lomwe lija linapereka streptomycin. Mphuno ya munthu imamva geosmin ngakhale itachepa kwambiri, ndipo kafukufuku wa mu 2020 anasonyeza kuti fungolo limakopa tizilombo tating'ono todumpha ta m'dothi, timene timadya mabakiteriyawo n'kufalitsa njere zawo.

Umboni wooneka ndi maso wa moyo wa pansi pa nthaka ndi bowa. Amayi ozula bowa amadziwa kuti ndelema ndi manyame zimamera pansi pa mitengo ya mombo, tsamba ndi msuku, ndipo kuti nkhalango ikadulidwa kuwotcha makala bowa ameneyu amasowa ngakhale mvula igwe bwanji. Chifukwa chake n'chakuti bowayo ndi chipatso chabe cha ulusi wa fangayi wokuta mizu ya mitengoyo, umene umaipatsa madzi ndi fosifolasi n'kulandira shuga, ndipo amenewa ndi mafangayi omwe aja kafukufuku wa mizinda 56 anawapeza akuchepa m'mapaki. Utale ndi wosiyana, popeza umalimidwa ndi chiswe m'kati mwa chulu, ndipo chulu chikafafanizidwa pokonza bwalo utale umatha nacho. Mlimi akazula mtedza kapena soya n'kutswanya kambulu ka pamuzu, mkati mofiirira mumasonyeza kuti mabakiteriya a Beijerinck aja akugwira ntchito, ndipo malo ofufuzira zaulimi a Chitedze akhala akupanga mabakiteriya otere osakaniza ndi mbewu ya soya pobzala.

Mizinda ya kuno inasunga zidutswa zingapo za dothi lotere. Lilongwe, imene inakhala likulu mu 1975, inakonzedwa ndi malo a mitengo pakati pa madera ake, ndipo nkhalango ya Nature Sanctuary m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi ili pakati penipeni pa mzinda. Munda wa zomera wa ku Zomba, umene mtsinje wa Mulunguzi umadutsamo, unayamba mu 1891, ndipo bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi limayang'aniranso minda ina ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Komabe mitengo yambiri ya m'misewu ndi m'mabwalo a sukulu ndi yobwera, monga bulugamu, jakaranda ndi malayina, ndipo pansi pake ndelema samera. Chizolowezi chosesa pabwalo m'mawa uliwonse mpaka nthaka kuwala, kenako n'kutentha masamba onse pa mulu, chili ndi zifukwa zake zomveka, monga kuona njoka ndi kuchepetsa udzudzu, koma chimachotsa chakudya cha tizamoyo ta m'dothi n'kusiya nthaka yogogomezeka imene imatulutsa fumbi mu Okutobala ndi kukokoloka mu Januwale. Ana ambiri a m'makwalala a Ndirande kapena Kawale sasowa dothi monga ana a ku Helsinki, popeza amasewera mpira wachikulunga ndi masanje pa fumbi tsiku lonse, ndipo funso kwa iwo ndi la mtundu wa dothilo, ngati lili lamoyo kapena lili losakanikirana ndi madzi a m'zimbudzi, mafuta a galimoto ndi phulusa la mapulasitiki.

Kasamalidwe

Ngati zimene zapezeka ku Finland zingatsimikizike pa ana ambiri ndi kwa zaka zambiri, dothi la m'mapaki lingakhale njira yotsika mtengo yochepetsera ena mwa matenda a chitetezo cha m'thupi amene akuchuluka m'mizinda. Njira zimene ofufuza amalimbikitsa n'zosavuta: kubzala mitengo, zitsamba ndi udzu za m'deralo mosakaniza m'malo mwa kapinga yekha, kusiya masamba kuti awolere pansi pa mitengo, kuthira kompositi wopsa bwino, kuchepetsa mankhwala opha udzu ndi mafangayi, kukonza tinjira kuti anthu asaponde ponseponse, kumanga zimbudzi, kuletsa agalu m'malo osewerera ana, ndi kuyeza mtovu pamalo amene kale panali fakitale, garaja kapena dzala. Mu 2020 Jacob Mills, Martin Breed ndi anzawo anayerekeza malo osiyanasiyana kumpoto kwa Adelaide, ndipo anapeza kuti dothi la malo amene anabzalidwanso mitengo ndi zitsamba za m'deralo linali ndi tizamoyo toyandikira ta m'nkhalango yotsala yachilengedwe, pamene la m'mabwalo a kapinga ndi m'malo ongosiyidwa linali losiyana nalo kwambiri.